Ku Joni n'kutali bwanji? Mmene ndimawerengera mtunda wa pandege ndi wa pamsewu

Mwana wa achemwali anga anandiimbira foni sabata yatha usiku, mawu ali m'mwamba. Pasipoti yake yatuluka, akufuna kukaona bambo ake ku Joni, ndiye wafufuza pa foni n'kupeza manambala awiri osagwirizana. Pena alemba kuti kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg ndi makilomita 1,350, pena alemba 1,750. "Anti, akunama ndi ndani pamenepa?" Ndinamuyankha kuti palibe amene akunama, koma manambala onse awiriwo sangamuuze tsiku limene adzafike.

Ine msewu umenewu ndauyenda zaka 11, kukaoda makatani, zofunda ndi nsapato za ana a sukulu zimene ndimagulitsa ku Limbe. Ndege ndakwerapo kanayi kokha. Zimene ndinamuuza mnyamatayo ndi zimene ndikulemba pano, kuti amene akukonza ulendo woyamba adziwe kuwerenga yekha.

Tiyambe ndi nambala yaing'onoyo. Makilomita 1,350 ndi mtunda wowongoka, kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa bwalo la OR Tambo. Tengani mapu a kum'mwera kwa Africa, mugoneke ulusi nsonga ina pa Blantyre ina pa Johannesburg, muukoke kuti uwongoke. Muona kuti ulusiwo ukudutsa m'katikati mwa Mozambique, n'kulowa mu Zimbabwe cha kufupi ndi Mutare, n'kutsetsereka cha ku Chiredzi. Tete wausiya kumbali, Harare wausiya kutali kumadzulo. Ndege ilibe nazo ntchito zoti mlatho uli pati, choncho imayenda pafupifupi mmene ulusiwo wagonera, ndipo imatenga maola 2 ndi mphindi zingapo, sikawirikawiri kupitirira maola 2 ndi theka. Amene akunyamukira ku Lilongwe, pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, mtunda wawo ndi pafupifupi makilomita 1,500, ndipo ndege ina ya Malawi Airlines imayamba yatera ku Chileka kenako n'kupitiriza. Muzifunsa pogula tikiti ngati ndegeyo ndi yachindunji.

Koma musanene kuti ku Joni ndi maola 2. Werengani kuchokera pakhomo panu kukafika pakhomo pa amene akukulandirani. Chileka ili makilomita ngati 16 kuchokera m'tauni, ndipo ngati mukuchokera ku Bangwe kapena ku Chigumula m'mawa anthu akupita kuntchito, patulani ola lathunthu. Pabwalo mufike kutatsala maola 2 kapena 3 kuti ndege inyamuke. Mukatera, OR Tambo ndi mudzi wathunthu: kuyenda m'makonde, kufola mzere wodinditsa pasipoti, kudikira chikwama, ola lina latha. Bwalolo lili ku Kempton Park, makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa mzinda. Pali sitima ya Gautrain imene imafika ku Sandton m'mphindi ngati 15, ndipo amene akupita ku Park Station, siteshoni yaikulu ya sitima ndi mabasi pakati pa mzinda, amasintha sitima. Koma abale athu ambiri sakhala ku Sandton, amakhala ku Rosettenville, ku Mayfair, ku Tembisa, ku Diepsloot, ndiye kumeneko ndi takisi kapena galimoto ya wachibale. Mukaphatikiza zonse, ulendo wa pandege ndi maola 7 kapena 8. Mumadya phala kwanu, nsima yamadzulo mukadyera ku Joni.

Tsopano nambala yaikuluyo. Msewu umakhota chifukwa cha zinthu ziwiri: mtsinje wa Zambezi umawolokedwa pa Tete, ndipo wa Limpopo umawolokedwa pa Beitbridge, pa malire a Zimbabwe ndi South Africa. Pakati pa milatho iwiriyi, tala wabwino amadzera ku Harare. N'chifukwa chake pamsewu pamawonjezereka makilomita 400. Ine ndimauwerenga m'zigawo, chifukwa ukakhala m'basi mutu umafuna kudziwa kuti gawo lino litha liti.

Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Lunzu ndi Lirangwe, kuwoloka Shire pa Zalewa, kukwera mpaka pa chipata cha Mwanza, ndi makilomita 110 kapena kuposerapo pang'ono. Mukadinditsa, basi imayendanso pang'ono kukafika pa Zobue, mbali ya Mozambique. Kuchokera pa Zobue mumangotsetsereka, kudutsa Moatize kwa malasha kuja, mpaka ku Tete: makilomita ngati 120. Kutsetserekako mumakumva m'thupi. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, Tete ali pansi m'chigwa, osafika ndi mamita 200 omwe. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kufika madigiri 40. Ndinaonapo mayi wina atanyowetsa chitenje ndi madzi a m'botolo n'kufunditsa mwana wake, pofika pa Changara chitenje chija chitauma gwa ngati sichinaone madzi. Pa Tete pali milatho iwiri: wakale wolendewera pa zingwe, wa Samora Machel, umene unamangidwa nthawi ya Apwitikizi, ndi watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 chakumunsi pang'ono, kumene magalimoto olemera amadzera.

Kuchokera ku Tete kudzera pa Changara kukafika pa Cuchamano ndi makilomita ngati 140. Tsidya lake ndi Nyamapanda, mwalowa mu Zimbabwe. Kuyambira pamenepo kudzera ku Kotwa, Mutoko ndi Murewa mpaka ku Harare ndi makilomita pafupifupi 240. Mukafika ku Harare mwayenda makilomita 600 ndi kanthu, ndipo woyenda koyamba amaganiza kuti wayandikira. Ayi ndithu, mwangodula gawo limodzi mwa magawo atatu.

Gawo lachiwiri ndi la Harare mpaka Beitbridge, makilomita 580, kudzera ku Chivhu, Mvuma, Masvingo, Ngundu ndi Rutenga. Masvingo ali pakatikati penipeni. Mabasi ambiri amadutsa kuno usiku, ndipo ndi kuno kumene ng'ombe ndi abulu amaima pamsewu osasuntha. Gawo lachitatu ndi la Beitbridge mpaka Johannesburg pa msewu wa N1, makilomita ngati 540: Musina, kenako kukwera mapiri n'kulowa m'mphanga ziwiri musanafike ku Louis Trichardt, Polokwane, Pretoria, basi mwafika. Gawo limeneli ndi losalala, munthu amagona tulo tabwino. Phatikizani 610, 580 ndi 540, mupeza 1,730, kuwonjezera tokhotakhota ta m'matauni ndiye 1,750 uja. A ku Lilongwe amene amatulukira pa Dedza n'kulowa pa Calomue, kudzera ku Angonia kukakumana ndi msewu wa ku Tete, awerenge pafupifupi 1,900.

Foni ikuuzani kuti mtunda umenewu ndi wa maola 22 kapena 24. Imawerenga ngati dalaivala sadya, sakodza, ndipo pa boda amangokweza dzanja n'kudutsa. Kawerengedwe kanga ndi aka. Gawani makilomita 1,750 ndi 75, limene ndi liwiro limene basi yokoka ngolo imayenda mukasakaniza pabwino ndi poipa: apo mwapeza maola 23. Onjezani maola 3 opuma, kuthira mafuta ndi kusinthana madalaivala. Kenako onjezani malire. Mayiko ndi anayi, malire ndi atatu, koma mawindo odinditsa ndi 6, chifukwa paliponse mumadinda kutuluka ndi kulowa. Pa Mwanza ndi Zobue ndimaika maola 2, pa Cuchamano ndi Nyamapanda maola 2, pa Beitbridge maola 4. Zonse pamodzi ndi maola 34. Ulendo wanga wofulumira kwambiri unatenga maola 29, wochedwa kwambiri 52.

Wa maola 52 uja ndiufotokoze, chifukwa umaphunzitsa mmene kuchedwa kumaberekerana. Tinanyamuka mochedwa ku Blantyre kudikira anthu awiri amene katundu wawo anali asanafike. Pa Mwanza tinapeza mabasi ena atatu atatitsogolera. Pofika pa Cuchamano kunja kutada, ndipo nthawi imeneyo chipata chinkatsekedwa usiku. Tinagona pomwepo, ena m'basi, ena tinayala zitenje pakhonde la sitolo, udzudzu ukuimba nyimbo. Maola 2 ochedwa m'mawa anatidyera usiku wathunthu. Mawa lake titadutsa Ngundu tayala la ngolo linaphulika n'kupindika chitsulo, tinakhala pansi pa mtengo maola 7 kudikira makaniko wochokera ku Masvingo. Kuyambira pamenepo ndikamagula tikiti sindifunsa mtengo wokha. Ndimafunsa kuti basi inyamuka nthawi yanji yeniyeni, madalaivala alipo angati, ikukoka ngolo kapena ayi, ndipo pa Nyamapanda amayembekeza kufikapo dzuwa lili pati. Safunsa anadya phula. Wogulitsa matikiti akayamba kuzungulira poyankha, ndimapita pa ofesi ina.

Beitbridge ndi nkhani payokha. Chipatachi sichitsekedwa, chimagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo ndi chimodzi mwa zipata zotanganidwa kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa. Mbali ya Zimbabwe anaimanganso zaka zaposachedwapa, mabasi ali ndi malo awo, mathiraki awo, magalimoto ang'onoang'ono awo, ndiye pali kusintha poyerekeza ndi kale. Komabe chimene chimadya nthawi ndi katundu. Nthawi zambiri timafika cha m'ma 2 koloko usiku. Kondakitala amakuwa kuti aliyense atsike ndi chikwama chake, anyamata amatsitsa za m'ngolo, zikwama zija za mizeremizere n'kuzindanda pansi m'mbali mwa basi, aliyense aime kumbuyo kwa chake, zipi yotsegula. Mphepo ya ku Limpopo mu Juni imalowa mpaka m'mafupa. Pamenepo ndi pamene umaona zimene a Malawi timanyamulira abale: mpunga wa Kilombero, ufa woyera, usipa wokulunga m'manyuzipepala katatu koma fungo likutulukabe. Zakudya zina monga nyama ndi zipatso zaziwisi salola kulowa nazo ku South Africa, choncho musadzaze chikwama ndi zinthu zoti mukazisiya pa boda. Munthu mmodzi akakhala ndi vuto la mapepala, basi yonse imadikira iyeyo. Mu Disembala ndi sabata ya Isitala, maola 4 anga aja muwachulukitse kawiri.

Chinthu chimodzi chimene mayiko anayiwa anatikomera nacho mtima: nthawi ndi imodzi. Wotchi simuisintha kuchokera ku Blantyre mpaka ku Johannesburg. Ndiponso konseko magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu kuno.

Za mapepala. Ndi pasipoti ya Malawi simufunika viza pokacheza ku Mozambique, ku Zimbabwe kapena ku South Africa, koma ku South Africa masiku ake ndi osapitirira 30. Pano pali kusiyana kumene anthu saganizira. Wa pandege amadinditsa kamodzi potuluka, kamodzi polowa. Wa pabasi amalandira zidindo 6 popita, 6 pobwera, 12 ulendo umodzi, ndipo pasipoti imadzaza msanga. Onani masamba opanda kanthu musanagule tikiti. Akakudindirani pa Beitbridge kapena pa OR Tambo, musangotseka pasipoti n'kuika m'thumba. Imani pambali muwerenge tsiku limene alembapo, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepera 30. Lamulo la kumeneko kuyambira 2014 ndi lakuti ukapitirira masiku ako ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, ukapitirira kuposa pamenepo zaka 5. Ndiye pobwerera pabasi musanyamuke pa tsiku lomaliza. Kuchokera ku Johannesburg kukafika pa boda ndi maola 7 kapena 8, basi ikachedwa n'kufika pa windo itadutsa 12 koloko usiku, tsiku lasintha, mwalakwa kale. Ine ndimasiya masiku awiri apadera.

Za ndalama sindilemba mitengo, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 mtengo wa lero si wa mwezi wamawa. Chimene ndaona n'chakuti tikiti ya ndege imaposa ya basi katatu kapena kupitirira. Koma powerenga musaiwale ndalama za m'njira. Masiku awiri m'basi mumadya, mumagula madzi, zimbudzi zambiri n'zolipira. Kwacha imathera pa Zobue. Ku Mozambique ndi metikali, ku Zimbabwe ogulitsa m'mbali mwa msewu amakonda madola a America ndipo chakum'mwera amalandiranso randi. Nyamulani timapepala ting'onoting'ono ta dola imodzi ndi ma randi 10 ndi 20, chifukwa mukapereka ndalama yaikulu chenji chake amakupatsani maswiti. Ndalama za oda ndimazigawa patatu, zina m'kathumba kosokerera m'kati mwa siketi. Osintha ndalama a pa boda amene amakupiza mitolo m'manja ndi akatswiri owerenga mofulumira, inu werengani pang'onopang'ono kawiri musanapereke zanu.

Kumene basi imapambana ndege ndi katundu. Pandege chikwama chimodzi kawirikawiri sichiyenera kupitirira makilo 23, cham'manja makilo 7, ndipo zoonjezera mtengo wake ndi wowawa. Bokosi limodzi la nsapato za sukulu latha kale makilo amenewo. Pabasi amayeza ndi kulipiritsa, koma mumagwirizana, ndipo mabelo a zofunda amalowa m'ngolo. N'chifukwa chake ife a geni timalimbikira basi ngakhale miyendo itupe. Pobwera kumbukirani kuti pa Mwanza pali kulipira msonkho, sungani malisiti onse a kumene mwagula pamalo amodzi, ndipo pamenepo ikani maola 4 m'malo mwa 2.

Amene mukuganiza zoyendetsa galimoto yanu, werengani mafuta motere: galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi imwa malita pafupifupi 146 popita pokha. Onjezani ziphaso zolowetsera galimoto m'dziko lililonse, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, buluubuku, ndi inshuwalansi. Inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kuno ku Africa, imagwira ntchito ku Zimbabwe, koma Mozambique sali mu COMESA, ndiye kumeneko mumagula yawo pa boda. Mageti olipira alipo mu Zimbabwe ndi pa N1 monse. Mugone ku Harare kapena ku Masvingo, ndipo gawo la Ngundu ndi Rutenga musaliyende usiku. Galimoto imapindula mukakhala anthu anayi ogawana mtengo, wekha ndi kungodzizunza.

Ndikamadikira basi pa Wenela ku Blantyre ndimakumbukira agogo anga aamuna. Dzina la malowo linachokera ku bungwe lija limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni. Iwo ankanena monyada kuti anakwera ndege ife tisanabadwe, ndipo sankanama: anthu a ku migodi ankawanyamula pandege mpaka ku Francistown ku Botswana, kuchokera kumeneko n'kukwera sitima ya pamtunda. Mu Epulo 1974 ndege ina yotere inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo a Malawi obwerera kumudzi, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchitoko. Agogo anali atabwerako chaka chimodzi izi zisanachitike, ndi njinga ya Humber ndi sutikesi yachitsulo imene mpaka lero timasungiramo mbewu. Mdzukulu wawo ndi amene ndikuyenda pansi, masiku awiri, msewu umene iwo sanaupondepo.

Tsono musankhe chiyani? Ngati ndi maliro, matenda, kapena tchuthi cha kuntchito cha sabata imodzi, kwerani ndege, ngakhale mukongole. Pabasi kupita ndi kubwera ndi masiku anayi, pa sabata imodzi mwatsala ndi atatu, limodzi mwa atatuwo mukugona kuchotsa kutopa. Okalamba, amayi oyembekezera, odwala shuga kapena BP, amene miyendo imatupa, maola 34 chikhalire si masewera. Mayi anga ndinawatengapo kamodzi pabasi kupita kukaonana ndi dokotala wa maso, tinafika mapazi atatupa osalowa m'nsapato, pobwera ndinagulitsa katundu wina pamtengo wogulira kuti akwere ndege. Koma ngati thupi lili bwino, nthawi ilipo ndipo katundu ndi wambiri, basi ndi yanu. Walira mvula walira matope: mwasankha yotchipa, landirani ndi mizere ya pa boda yomwe. Anzanga ena a geni masiku ano amapita pabasi, katundu n'kutumiza pa thiraki, iwo n'kubwera pandege. Zimatheka ngati wonyamula katunduyo mumamudziwa mpaka kwawo.

Polongedza kumbukirani kuti mudutsa nyengo ziwiri. Tete ndi ng'anjo, pamene Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julaye m'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu. M'kachikwama kam'manja muike juzi, masokosi, bulangeti laling'ono, chitenje, madzi malita awiri, mankhwala anu, tishu, cholembera chodzazira mafomu, ndi pawabanki yodzaza. Nambala ya amene akukulandirani muilembe papepala, chifukwa foni imathima nthawi yolakwika, ndipo laini ya kwathu ikhoza kusiya kugwira mukangodutsa Zobue. Muwauze kuti mudzawaimbira mukafika pa Polokwane: kuchokera pamenepo patsala makilomita 300 ndi kanthu, maola ngati 4, okwanira kuti iwo anyamuke bwinobwino. Mukafika pa Park Station usiku ndipo sanabwere, khalani m'kati mpaka kuche. Musapereke chikwama kwa aliyense wokuitanani kuti "achimwene" chifukwa choti walankhula Chichewa.

Mwana wa achemwali anga uja wasankha basi, akuti ndalama yotsalayo akagulire foni kumeneko. Anyamuka Lachinayi m'mawa, ndiye ndawauza bambo ake kuti amuyembekezere Lachisanu madzulo, koma asadabwe likafika Loweruka. Mpando ndamugulira wa pawindo, kutsogolo kwa matayala akumbuyo, kutali ndi chimbudzi.